Kodi Sergei Krikalev anamuiwala m'mlengalenga kapena anavomera yekha kutsala?

Kadzidzi77:
Abale anga pagulu pano, ndithandizeni. Mwana wanga wa folomu 3 wandionetsa kavidiyo pafoni usiku wathawu. Akuti mu 1991 bambo wina wa ku Soviet Union anatumizidwa m'mlengalenga, ali komweko dziko lake n'kutha, ndiye pansi pano anamuiwala kwa miyezi khumi chifukwa panalibe boma loti limutsitse. Dzina lake akuti ndi Sergei Krikalev. Ine nkhaniyi yandisowetsa tulo. Munthu wamoyo, wa mkazi ndi mwana, angaiwalike bwanji ngati mbuzi yomangirira kudambo? Nanga miyezi yonseyo ankadya chiyani? Amene mukudziwa zoona zake tafotokozani, chifukwa mwanayu akufunsa mafunso oti ine sindingayankhe.

Mbiyazodooka:
Bodza limenelo achimwene. Timavidiyo tapafoni amathiramo mchere wambiri kuti muonere mpaka kumapeto.

Thengolaminga:
Bodza bwanji poti munthuyo alipo, dzina lake likudziwika? Musamathamangire kutsutsa chinthu musanachifufuze.

AphunzitsiAFizikisi:
Nonse awiri mwagwira mbali ina ya nkhani. Munthuyo ndi weniweni, masiku 311 amene anakhala kumwambako ndi enieni, koma mawu oti "anamuiwala" ndi amene apotoza zonse.

Krikalev anabadwira mumzinda wa Leningrad mu 1958. Sanali msilikali woyendetsa ndege zankhondo ngati Yuri Gagarin, anali injiniya. Atamaliza maphunziro mu 1981 analowa ntchito ku Energia, kumene ankapanga zombo ndi masiteshoni a m'mlengalenga, ndipo mu 1985 anamusankha kuti aphunzire za ulendo. Ulendo wake woyamba unali wa Novembala 1988 mpaka Epulo 1989, masiku 151 pa siteshoni ya Mir. Choncho pofika 1991 sanali mlendo kumeneko, ankadziwa waya aliyense wa m'nyumba ija.

Wachiwiriwu ananyamuka pa 18 Meyi 1991 kuchokera ku Baikonur, malo onyamukirapo maroketi, pamodzi ndi Anatoly Artsebarsky ndi Helen Sharman, munthu woyamba wa ku Britain kupita m'mlengalenga. Mayi Sharman anabwerera patangotha sabata imodzi. Pangano linali loti amuna awiriwo akhala miyezi isanu, mu Okutobala atsike, anzawo alowe m'malo. Koma ndalama zinali zitayamba kuvuta, ndiye maulendo awiri amene anakonzedwa anawaphatikiza kukhala umodzi. Apa ndiye pamene panagona vuto, chifukwa chombo cha Soyuz chimanyamula anthu atatu basi. Mpando woyamba unali wa mtsogoleri, Alexander Volkov. Wachiwiri unali wa Franz Viehböck wa ku Austria, amene dziko lake linalipira ndalama. Wachitatu anaupereka kwa Toktar Aubakirov wa ku Kazakhstan, chifukwa Baikonur ili m'dziko limenelo ndipo akuluakulu a ku Moscow sankafuna kukhumudwitsa eni malo. Aubakirov anali katswiri woyesa ndege, koma sanakonzekeretsedwe kukhala kumwamba miyezi yambiri. Injiniya woti alowe m'malo mwa Krikalev anasowa pokhala. Anamufunsa mu Julayi ngati angatsale, iye anavomera.

Kadzidzi77:
Zikomo aphunzitsi. Ndiye kuti sanali yekhayekha? Muvidiyomo anaonetsa ngati munthu wotsala yekha mumdima.

AphunzitsiAFizikisi:
Sanakhalepo yekha ngakhale tsiku limodzi. Miyezi isanu yoyamba anali ndi Artsebarsky, miyezi yotsalayo anali ndi Volkov. Tsiku lililonse ankalankhula ndi oyang'anira ulendo pansi pano. Chakudya, madzi, mafuta ndi makalata zinkabwera pa zombo zopanda munthu zotchedwa Progress. Chakudya chake chambiri chinali cham'zitini ndi chouma chothira madzi, koma Progress ikangofika pamakhala anyezi, maapozi ndi zina zaziwisi zoti adye msanga. Chinanso chimene mavidiyo aja sanena: Soyuz inali yolumikizidwa ku siteshoni nthawi yonse. Moyo ukanakhala pachiswe akanalowa n'kutsika.

Komanso anthu amamutcha nzika yomaliza ya Soviet Union, kuiwala kuti Volkov nayenso anachoka dzikolo likanalipo n'kubwerera litatha. Volkov anabadwira ku Ukraine. Awiriwo anali m'chipinda chimodzi pamene kwawo kwa wina ndi kwawo kwa mnzake kunkasanduka mayiko awiri.

Thengolaminga:
Aphunzitsi, ndikukulemekezani, koma mawu oti "anavomera" andikhala pakhosi. Akanakana? Munthu uli makilomita oposa 300 pamwamba pa nthaka, chakudya chako chikuchokera kwa bwana, njira yobwererera ili m'manja mwa bwana, mkazi wako ndi mwana akukhala m'nyumba ya boma la bwana yemweyo, ndiye akufunse kuti "kodi ungatsale?" Limenelo ndi funso kapena lamulo lovekedwa jekete? Kwa ine kaya anamuiwala kaya sanamuiwale, anamulakwira. Anagulitsa mpando wake kwa alendo iye n'kulipira ndi thupi lake.

DalaivalaWaBeira:
A Thengolaminga mwandikhudza. Ine ndayendetsa mathiraki zaka 19, njira ya Beira ndi ya Dar es Salaam. Chaka china ndinanyamuka atandiuza kuti ndi ulendo wa masabata awiri. Mapepala a katundu anavuta pachipata, kampani inali itayamba kugwa, ndalama yomasulira galimoto panalibe. Anandiimbira kuti "madala, mungadikireko pang'ono?" Ndinati inde. Pang'ono pajapo panakhala miyezi itatu, ndikugona m'kabini, kuphika pambaula pansi pa thilela. Basi yobwerera kwathu inkadutsa tsiku lililonse ndikuiona, palibe anandimanga miyendo. Koma ukasiya galimoto ndi katundu wa eni, ukabwerako matayala kulibe, mabatire kulibe, ndipo dzina lako lafera pomwepo. Mpaka lero ndikafunsidwa kuti ndinatsala mwakufuna kwanga kapena mokakamizidwa, ndimayankha kuti zonse ziwiri. Bambo ameneyu ndikumumvetsa.

Mbiyazodooka:
Thiraki ndi chombo cham'mlengalenga n'zosiyana madala.

DalaivalaWaBeira:
Makina ndi osiyana, koma mtima wa munthu woti wauzidwa tsiku lobwerera kenako tsikulo n'kufufutidwa ndi umodzimodzi, mwana wanga.

AphunzitsiAFizikisi:
A Thengolaminga, sindikukana kuti anapanikizidwa. Koma pali chinthu china m'moyo wa Krikalev chimene chimandichititsa kukhulupirira kuti "inde" wakeyo anali wochokera mumtima. Mu Febuluwale 1985 siteshoni ina ya Soviet Union, Salyut 7, inasiya kuyankha mulibe munthu. Magetsi anazima, inangokhala chitsulo choyandama. Mu Juni chaka chomwecho Vladimir Dzhanibekov ndi Viktor Savinykh anapita kukaipulumutsa, anaipeza itazizira mpaka madzi oundana m'makoma, ankagwira ntchito atavala zipewa zaubweya. Krikalev anali m'gulu la pansi limene linakonza njira yolumikizirana ndi siteshoni yakufayo. Ankadziwa bwino chimene chimachitikira nyumba ya m'mlengalenga ikatsala yopanda munthu. Mir inali ntchito ya manja a anzake a ku Energia. Injiniya wotero simungamuuze kuti tseka chitseko uzipita iye n'kugona tulo.

Thengolaminga:
Koma aphunzitsi, Mir inatsalapo yopanda munthu. Krikalev yemweyo atatsika ndi anzake mu Epulo 1989 sanasiyemo aliyense, mpaka Sepitembala. Inafa? Ayi. Ndiye musatiuze ngati panalibe njira ina.

AphunzitsiAFizikisi:
Mwanena zoona, ndipo mwachita bwino kukumbutsa. Kusiyana kwake n'koti mu 1989 boma linalipo ndipo aliyense ankadziwa kuti abwereranso. Pofika 1991 Mir inali itakula, atalumikizako zipinda zina ziwiri zikuluzikulu, Kvant-2 ndi Kristall, zokonzakonza zinachuluka, ndipo palibe akanalonjeza kuti akatsekamo kudzapezeka ndalama yokatsegulanso. Koma ndikuvomera kuti njira ina inalipo. Anasankha kusaitenga.

NamwinoWaUsiku:
Ndilowererepo pa mbali ya thupi, poti mukukangana za mtima. Ine ndimagwira ntchito kuwodi ya odwala ogona nthawi yaitali. Munthu akagona pabedi masabata atatu okha, tsiku lomudzutsa timamugwira awiri, miyendo imanjenjemera, mutu umazungulira, ena amakomoka. Thupi likaona kuti chiwalo sichikugwira ntchito limayamba kuchichepetsa.

Kumwambako n'chimodzimodzi koma moposa. Popeza munthu amangoyandama, mafupa onyamula thupi, a m'chiuno, a m'miyendo ndi a msana, amataya pafupifupi gawo limodzi pa 100 mwezi uliwonse. Kashiamu wochoka m'mafupayo amadzera mu impso, ndiye chiopsezo cha timiyala ta mu impso chimakwera. Magazi ndi madzi a m'thupi amakwera kumutu, nkhope imatupa, mphuno imakhala yotsekeka ngati chimfine chosatha, miyendo imaonda. Mtima nawo umazolowera ntchito yopepuka. N'chifukwa chake amachita masewera olimbitsa thupi maola awiri kapena kuposa tsiku lililonse, kuthamanga pamakina atadzimangirira ndi malamba kuti asauluke. Pamwamba pa zonsezi pali cheza choopsa chochokera kudzuwa ndi kutali, chimene ife mpweya wa dziko umatitchinjiriza. Chimenecho chimaunjikana m'thupi, sichichoka ndi masewera.

Ndiye akamati anawonjezera miyezi isanu musamaone ngati ndi ovataimu. Anawirikiza kawiri zonsezi, ndipo anali atakhalako kale miyezi isanu zaka ziwiri zapitazo. Atatera pa 25 Malichi 1992 pafupi ndi Arkalyk ku Kazakhstan anachita kumutulutsa ndi kumunyamula.

Nasibeko_wa_Ndirande:
Amayi anamwino, funso langa ndi lamanyazi koma ndifunsabe. Kuchimbudzi amapita bwanji zinthu zonse zikuyandama? Nanga kusamba?

NamwinoWaUsiku:
Si lamanyazi achemwali, ndi funso la umoyo. Chimbudzi chake chimakoka ndi mphepo, munthu amadzigwiriza kuti asayandame. Kusamba kwambiri ndi kudzipukuta ndi matawulo onyowa. Madzi sawataya. Pa Mir chinyezi cha mpweya umene anthu akupuma ndi thukuta ankachisonkhanitsa n'kuchiyeretsa kukhala madzi akumwa, ndipo madzi ochokera mumkodzo ankawagawa ndi magetsi kuti apeze mpweya wopuma.

WaKuChipata:
Ine chandigwira mtima ndi nkhani yobwerera n'kupeza dziko lasintha. Munthuyu anachoka mzinda wake ukutchedwa Leningrad, pobwera unali St Petersburg. Anachoka mtsogoleri ali Gorbachev, mu Ogasiti ena anayesa kulanda boma akasinja ali m'misewu ya Moscow, pa 25 Disembala Gorbachev anatula pansi udindo. Baikonur imene ananyamukira inali kwawo, malo amene anatera anali dziko la eni. Ndalama imene ankalandira inali itatha mphamvu.

Miyezi yomweyo kwathu kuno ku Zambia nako kunkagwedezeka. Pa 31 Okutobala 1991 tinavota, Kaunda anagonja kwa Chiluba atalamulira zaka 27. Bambo anga anali ndi chithunzi cha Kaunda pakhoma chiyambire ine ndisanabadwe, anachitsitsa akulira. Iwo anali pansi pompano, ankaona zonse ndi maso, komabe zinawatengera chaka kuti azolowere. Nanga munthu womva zinthu pawailesi chabe, akuzungulira dziko ka 16 patsiku?

AgogoAkuTEBA:
Mwana wa ku Chipata, wakumbutsa zakale. Mwezi umene bambo ameneyu anatsika, Malichi 1992, ndi womwe kuno ku Malawi anawerenga kalata ya maepisikopi m'matchalitchi a Katolika, pa 8. Ine ndinali m'tchalitchi tsiku limenelo, munali zii, anthu kuopa ndi kutsokomola komwe. Zaka zonse m'mbuyomo mayiko a azungu ankapenyera kumbali zochita za boma chifukwa Kamuzu ankadana ndi chikomyunizimu. Soviet Union itatha chifukwa chopenyera kumbali chinathanso, mu Meyi anaimitsa thandizo, 1993 tinavota pa riferendamu. Ndiye dziko limene linagwa bambo uja ali kumwamba, kugwa kwake kunamveka mpaka kwathu ku Dedza.

Ndiponso ndinapitako ku migodi ku Joni ndili mnyamata. Umachoka mwana akukwawa, umabwera akuthawa kukabisala kumbuyo kwa amake chifukwa sakukudziwa. Zimenezo palibe malipiro amene amabweza.

Mbiyazodooka:
Agogo, nkhani ya riferendamu tiyitsegulire mutu wakewake. Ena pano tingayambe kukangana za zipani mpaka mawa.

WoyanganiraGulu:
Zoona. Zandale za kuno zili ndi malo ake. Tibwerere kwa Krikalev.

Nasibeko_wa_Ndirande:
Ine ndibwerera kwa mkazi wake, chifukwa amuna pano mukuyamikira kulimba mtima kwa bambo koma simukutchula amene anatsala pansi. Yelena anatsala ndi kamwana, Olga, kobadwa mu 1990, kosakwana ndi zaka ziwiri zomwe. Mitengo ya zinthu ikukwera, m'masitolo mizere, boma likutha, mwamuna ali poti sungamutumire uthenga kuti bwera mwana watentha thupi. Iye anamufunsa ndani ngati akuvomera miyezi isanu yowonjezera? Ndipo chimene chikundipweteka n'choti bamboyo atatsika sanakhale pansi. Anapitanso. Mwamuna wanga atandichita zimenezo kachiwiri ndikanamuuza kuti asankhe.

DalaivalaWaBeira:
Wakwatiwa kwa mphenzi saopa kung'anima, amayi.

Nasibeko_wa_Ndirande:
Mwambi umenewo amaukonda ndi amene amachoka, madala. Funsani akazi anu ngati amaukonda.

DalaivalaWaBeira:
Mwandigwira pamenepo. Miyezi itatu ija mayi a ana anga anagulitsa mashini awo osokera kuti alipire lendi. Sindinawagulirebe ena. Ndakumvani.

AphunzitsiAFizikisi:
A Nasibeko akunena zoona kuti anapitanso, ndipo osati kamodzi. Atatsika mu 1992 anapatsidwa ulemu wa Ngwazi ya Russia, nyenyezi nambala 1, woyamba kuulandira m'dziko latsopanolo. Mu Febuluwale 1994 anakhala munthu woyamba wa ku Russia kunyamuka pa chombo cha America, Discovery. Mu Disembala 1998 iye ndi Robert Cabana ndi amene anayamba kulowa mu siteshoni yatsopano ya mayiko ambiri, ISS, ili ndi zipinda ziwiri zokha. Pa 31 Okutobala 2000 ananyamuka ndi Bill Shepherd ndi Yuri Gidzenko, gulu loyamba kukakhalamo, ndipo chifikireni iwo pa 2 Novembala m'nyumba imeneyo simunasowepo munthu. Ulendo womaliza unali wa 2005, miyezi isanu ndi umodzi. Maulendo 6, masiku 803 onse pamodzi. Kenako anatsogolera sukulu yophunzitsa oyenda m'mlengalenga ya dzina la Gagarin kuyambira 2009 mpaka 2014.

A Thengolaminga, funso langa kwa inu ndi ili: munthu woti anamva kuti anamulakwira angabwerere kanayi?

Thengolaminga:
Angabwerere, aphunzitsi. Anamwino athu angati amagwira ntchito opanda magolovesi okwanira koma m'mawa amadzukabe kupita? Kukonda ntchito sikutanthauza kuti sunalakwiridwe. Nthawi zambiri wokonda ntchitoyo ndi amene amasenzetsedwa katundu wolemera, chifukwa akudziwa kuti sakana. Akanakhala waulesi sakanamufunsa n'komwe.

NamwinoWaUsiku:
Apa ndili kumbali ya a Thengolaminga. Ndikudziwa bwino amene amaimbiridwa foni mnzake akalephera kubwera kushifiti.

Koma kuti tisiyanitse kutsala kopemphedwa ndi kutsala kofuna wekha, tamvani za Valeri Polyakov. Ameneyu anali dokotala, ndipo anatsikira limodzi ndi Krikalev mu Epulo 1989 atakhala pa Mir masiku 240. Iye ndi amene ankalimbikira kuti apite kwa nthawi yaitali kuposa aliyense, pofuna kuonetsa kuti thupi la munthu lingapirire ulendo wautali ngati wopita ku Mars. Ananyamuka pa 8 Januwale 1994, anatsika pa 22 Malichi 1995. Masiku 437 osatsika, ndipo mpaka pano palibe wamuposa pa ulendo umodzi. Ankadziyeza yekha, kudzitenga magazi, kuchita masewera mosadumphitsa. Atatera anafuna kuyenda yekha mapazi ochepa kuchoka pachombo kukafika pampando, kuti aonetse kuti munthu wofika ku Mars angathe kuimirira. Anamwalira mu 2022 ali ndi zaka 80. Polyakov anakonzekera chaka ndi miyezi, maganizo ake anali okhazikika pa tsiku limene ankalidziwa. Krikalev anakonzekera miyezi isanu. Kwa wodwala aliyense amene ndamusamalira, kuuzidwa kuti ukhala mwezi n'kopepuka kusiyana ndi kuuzidwa kuti utuluka Lachisanu kenako Lachisanulo n'kumasunthidwa.

Chitsa_cha_Mpasa:
Pepani ndisokoneze. Ine zonsezi sindizikhulupirira. Munthu angakhale bwanji kumwamba chaka osagwa? Izi ndi zojambula za azungu ndi ma Russia kuti atiopseze. Ndani pano anaona ndi maso ake?

AphunzitsiAFizikisi:
Achimwene, mukhoza kuona ndi maso anu, ndipo simufunika makina. Mir kulibe, anaigwetsera m'nyanja ya Pacific pa 23 Malichi 2001. Koma ISS imadutsa pamwamba pa Malawi ndi Zambia. Imaoneka dzuwa litangolowa kapena kusanache, ngati nyenyezi yowala kwambiri yoyenda mosatekeseka, yosaphethira ngati ndege, yopanda phokoso. Imadutsa thambo m'mphindi zochepa. Pa intaneti pali masamba oti mukalemba dzina la tawuni yanu amakuuzani tsiku ndi nthawi.

Za kugwazo, chodabwitsa n'choti ikugwadi nthawi zonse. Ponyani mwala, ugwa patali pang'ono. Ponyani mwamphamvu, ugwa patali kwambiri. Siteshoni ikuthamanga makilomita pafupifupi 28,000 pa ola, ndiye pamene ikugwa, dziko nalo, pokhala lozungulira, likupendekera pansi pake, saligunda. Anthu ali m'katimo akugwa nayo limodzi, n'chifukwa chake amayandama. Mphamvu yokoka ya dziko iliko ndithu kumeneko.

Chitsa_cha_Mpasa:
Ndikaona ndekha ndibwera ndidzanene.

WaKuChipata:
Kaoneni akulu. Ine ndinaiona kumudzi ku Katete kopanda magetsi, imawala kuposa nyenyezi zonse. Anthu amaseka Edward Nkoloso amene mu 1964 ankati Zambia nayo itumize anthu m'mlengalenga. Analibe roketi, koma sanaone thambo ngati munda wa anthu ena okha.

Wawailesi_Zomba:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma pali chinthu chimodzi simunachitchule chimene chimayankha funso la a Kadzidzi loti ankamva bwanji za kwawo. Pa Mir panali kawailesi kolankhulirana ndi anthu wamba okonda mawailesi, ndipo Krikalev ankagwiritsa ntchito chizindikiro cha U5MIR. Nthawi yopuma ankaitana, aliyense wokhala ndi wailesi yotere m'dera limene akudutsa ankatha kuyankha. Mayi wina wa ku Australia, amene ankadziwa Chirasha, ankalumikizana naye kawirikawiri n'kumamutumizira nkhani zolembedwa m'manyuzipepala akunja zonena za Soviet Union. Mpata wolankhula umakhala wa mphindi khumi kapena kuchepera, siteshoni ikangolowa kuseri kwa dziko mawu aduka. Tangoganizani munthu akumva za kutha kwa dziko lake m'zidutswa za mphindi khumi, kuchokera kwa mayi amene sanamuonepo nkhope.

Ndipo ntchito sinaime. Iye ndi Artsebarsky anatuluka kunja kwa siteshoni ka 6 m'miyezi ya Juni ndi Julayi 1991, kanayi mwa maulendowo akumanga mlongoti wachitsulo wotchedwa Sofora, wa mamita 14. Pamwamba pake anaikapo mbendera ya Soviet Union. Pa ulendo womaliza galasi la chipewa cha Artsebarsky linachita nkhungu osaona kanthu, Krikalev ndi amene anamulondolera mpaka kukhomo. Mbendera ija inatsala ikulendewera kunja dziko lake litatha.

Kadzidzi77:
Nkhani ya mbenderayo yandilasa. Ndiye masiku 803 aja palibe anawaposa?

Wawailesi_Zomba:
Anawaposa. Gennady Padalka anafika 878 mu 2015, ndipo Oleg Kononenko anatsika mu Sepitembala 2024 ali ndi masiku 1,111 pa maulendo asanu. Zaka zitatu zathunthu za moyo wake.

Nasibeko_wa_Ndirande:
Zaka zitatu za moyo wa ana akenso.

Thengolaminga:
Aphunzitsi, tisanatseke, ndikufuna mundiyankhe mosazungulira. Mukanakhala inu amene mukugawa mipando itatu ija mu 1991, mukanachita zomwezo?

AphunzitsiAFizikisi:
Funso lolemera. Ndaliganizira kuyambira m'mawa ndili m'kalasi. Ndalama ya Austria inkafunika kuti roketi inyamuke n'komwe, ndipo kukangana ndi Kazakhstan kukanatseka khomo lokhalo lopitira ku Mir. Ndikuganiza kuti ndikanagawa momwemo. Koma ndikanadziwa kuti ndatenga ngongole kwa munthu mmodzi ndi banja lake, ndipo sindikanabisala kuseri kwa mawu oti "wavomera yekha". Pamenepo mwandisuntha, ndikuvomereza. Chimene sindisintha n'choti mwana wa a Kadzidzi asauzidwe kuti munthuyu anaiwalika, chifukwa kutero n'kufufuta anthu mazanamazana amene ankapitabe kuntchito tsiku ndi tsiku malipiro awo atatha mphamvu, kuti awiri aja apume ndi kudya.

Thengolaminga:
Apo tagwirizana theka. Theka linalo ndisunga.

Kadzidzi77:
Abale, zikomo nonse. Ndamuwerengetsa mwana uja zonse kuyambira pamwamba. Tinafufuza nthawi monga ananenera aphunzitsi, ndipo dzulo cha m'ma 6 koloko madzulo tinaima pabwalo la sukulu kuno ku Kasungu. ISS inatulukira chakumadzulo, yowala, yoyenda mwakachetechete, tinaitsatira ndi maso mpaka inazimirira isanafike n'kumalekezero a thambo. Mwanayo anakhala chete nthawi yaitali. Kenako wandifunsa kuti n'chifukwa chiyani yazima pakati panjira, ndipo anthu ali m'katimo aona chiyani pa nthawi imeneyo. Aphunzitsi, ndabwereranso kwa inu.

AphunzitsiAFizikisi:
Yalowa mumthunzi wa dziko. Ilibe nyale yoti ife tingaione, timaiona chifukwa dzuwa limene kwa ife lalowa kale limakhala likuiwombabe pamwambapo. Pamene munaiona ikuzima, iwo dzuwa linali likuwalowera. Muuzeni awerenge mphindi pafupifupi 35 kuchokera pamenepo, likhala lawatulukiranso.

Chitsa_cha_Mpasa:
A Kadzidzi, tsamba lija munalembapo chiyani kuti likuuzeni nthawi? Ine ndili ku Mchinji.